Kulemba dalaivala wa I2C controller mu Linux mpaka patch yanu ilandiridwe

I2C ndi njira ya mawaya awiri, SDA wa data ndi SCL wa clock, imene ma chip amalankhulirana pa bolodi, ndipo dalaivala ndi code ya mu kernel ya Linux yoyendetsa controller ya mawaya amenewa. Ambiri amene ayesapo kulemba dalaivala wotere amapunthwa malo amodzi. Code yamangika bwino, `i2cdetect`, pulogalamu yofufuza zipangizo pa mawayawa, yaonetsa 68 (adiresi ya kachip ka wotchi) pa tebulo lake, wotchiyo yawerengeka kamodzi, munthu n'kuona ngati zatha ndipo atumiza patch, kutanthauza code yake yatsopano, kwa oyang'anira kernel. Pakapita masabata awiri kapena atatu mafunso amabwera: chimachitika n'chiyani chipangizo chikapanda kuyankha? Interrupt, chizindikiro chimene controller imaitanira CPU, ikafika nthawi yodikira itatha kale, ilemba kuti? Waya wa SDA akakakamira pansi, mumuchotsa bwanji? Apa ambiri amagwa ulesi n'kusiya. Malangizo awa akutsatira ntchito yonse, koma ndachedwa kwambiri pa malo amene zinthu zimaonongeka, chifukwa ndi pamene owunika amayang'anitsitsa.

## Zofunika musanayambe

- Bolodi lokhala ndi controller imene mukuilembera dalaivala, ndi chingwe cha USB kupita ku UART cha 3.3 V kuti muziona zimene kernel ikunena ngakhale ikagwa.
- Buku la chip yanu lofotokoza ma register onse, komanso chikalata cha errata, momwe opanga amavomerezamo zolakwika za chip yawo.
- Chikalata cha malamulo a I2C cha NXP, nambala yake UM10204.
- Logic analyser, chida chojambula zimene zikuyenda pa mawaya. Kotchipa kaja ka mawaya 8 ndi 24 MHz n'kokwanira, pamodzi ndi pulogalamu ya PulseView. Musayambe opanda ichi.
- Kabolodi ka wotchi ya DS3231 kamene kamabwera ndi EEPROM (kachip kosunga data) ya AT24C32. Mumapeza zipangizo ziwiri pa mtengo umodzi: wotchi pa adiresi 0x68 ndipo EEPROM nthawi zambiri pa 0x57.
- Multimeter ndi ma resistor awiri a 4.7 kΩ. Oscilloscope ngati pali pobwereka.
- Kernel yaposachedwa ya mainline, cross-compiler monga `aarch64-linux-gnu-gcc`, i2c-tools, sparse, ndi dtschema.
- Imelo imene ikugwira ntchito ndi `git send-email`.

Mbiri yonse ya kernel mu git ndi ma gigabyte angapo. Ngati bandulo ya intaneti ndi yochepa, yambani ndi `git clone --depth 1`, mbiri yonse mudzaikoke tsiku limene mwapeza Wi-Fi yabwino. Mudzaifuna ndithu pofika nthawi yotumiza.

## 1. Fufuzani kaye ngati dalaivala alipo kale

Makampani ambiri opanga chip sapanga okha I2C controller, amagula kwa ena n'kuipatsa dzina lawo. Ya Synopsys DesignWare imapezeka m'ma chip ambirimbiri, ndipo controller ya Allwinner imayendetsedwa ndi `i2c-mv64xxx.c`, dalaivala amene analembedwera ma chip a Marvell. Lowani mu `drivers/i2c/busses/`, tengani mayina atatu kapena anayi a ma register a m'buku lanu, muwafufuze ndi `git grep`. Yerekezaninso malo a ma register, chifukwa mayina amasinthidwa koma ndondomeko yake imakhala yomweyo.

Chenjezo: mukapeza wofanana, onjezerani `compatible` yanu, dzina limene limalumikiza chip yanu ndi dalaivala, mwa iyeyo. Dalaivala watsopano wobwereza wakale amakanidwa, ngakhale atalembedwa bwino chotani.

## 2. Werengani buku muli ndi cholembera m'manja

Musanalembe mzere uliwonse wa code, pezani mayankho a mafunso awa ndipo muwalembe papepala. FIFO, malo amene controller imasungamo ma byte podikira, imatenga ma byte angati? Uthenga umodzi ungatalike kufika pati? Controller imatha kutumiza START yobwereza popanda STOP pakati? Imatha kutumiza adiresi yokha popanda data? Imasiyanitsa NACK (byte yosavomerezedwa; yovomerezedwa ndi ACK) ya pa adiresi ndi ya pa data? Interrupt imafufutidwa powerenga register kapena polembamo 1? Chipangizo chikagwira SCL pansi kuti chipeze mpata, controller imadikira?

Funso lomalizali si lachibwana. Controller ya BCM2835 ya m'ma Raspberry Pi oyambirira imadziwika ndi vuto lomweli la clock stretching, ndipo anthu ambiri anataya masiku akuganiza kuti sensa yawo ndi yofa. Zoterezi nthawi zambiri zimapezeka mu errata, osati m'buku lalikulu.

## 3. Onani mawaya code isanabwere

Yezani SDA ndi SCL ndi multimeter bus ili chete. Onse awiri akhale pa 3.3 V kapena mphamvu iliyonse imene bolodi lanu limagwiritsa ntchito. Pa I2C palibe chipangizo chimene chimakankhira waya m'mwamba. Zonse zimangokokera pansi, ndipo ma resistor ndi amene amabwezera waya m'mwamba. Akapanda kukhalapo, palibe dalaivala amene angagwire ntchito.

Kenako gwiritsani ntchito `i2c-gpio`, dalaivala wopangidwa kale amene amayendetsa mapini omwewo ngati GPIO wamba. Werengani nthawi mu wotchi:

`i2ctransfer -y 1 w1@0x68 0x00 r7`

Jambulani zimenezi mu PulseView ndi kusunga fayiloyo. Mudzaona START, byte ya 0xD0, ACK, 0x00, START yobwereza, 0xD1, ma byte 7, NACK pa yomaliza, kenako STOP. Chithunzi chimenechi ndiye muyezo wanu. Dalaivala wanu akadzayamba kuvuta, mudzakhala mukudziwa kale kuti mawaya ndi wotchi zili bwino.

## 4. Lembani binding ya device tree

Device tree imauza kernel zipangizo zimene zili pa bolodi, ndipo binding imanena mmene chipangizo chanu chilembedwere mmenemo. Binding ndi fayilo ya YAML mu `Documentation/devicetree/bindings/i2c/`, ndipo dzina lake lifanane ndi `compatible`. Imafotokoza chipangizo chenichenicho: `reg`, `interrupts`, `clocks`, `resets` ngati ilipo, ndi `clock-frequency`. Ilozeni ku `i2c-controller.yaml` kuti musabwereze zimene zilipo kale. Iyeseni ndi `make dt_binding_check`, kenako `make dtbs_check` pa bolodi lanu.

Apa anthu amalakwitsa ziwiri. Choyamba, kuika mu binding zinthu za dalaivala, monga nthawi yodikira kapena kusankha pakati pa polling ndi interrupt. Zimenezo si mbali ya chip, ndipo oyang'anira device tree amazibweza. Chachiwiri, `compatible` yosatchula chip yeniyeni. Lembani dzina la kampani ndi nambala ya chip, osati dzina la banja lonse lokhala ndi x pakati.

## 5. Probe: ndondomeko ndiye nkhani

Mu probe, function imene kernel imaitana ikapeza controller yanu, tsatirani dongosolo ili: `devm_kzalloc` ya struct yanu, `devm_platform_ioremap_resource`, `devm_clk_get_enabled`, reset, kukonza controller ndi kutseka ma interrupt ake onse, `init_completion`, `platform_get_irq`, `devm_request_irq`, ndipo pomaliza penipeni `devm_i2c_add_adapter` kapena `i2c_add_adapter`.

Chifukwa chake n'chakuti mukangolembetsa adapter, kernel imayamba nthawi yomweyo kulankhula ndi zipangizo zimene zili pansi pake mu device tree. Dalaivala wa wotchi angathe kuitana function yanu yotumizira mauthenga probe yanu isanathe n'komwe. Chimodzimodzi interrupt: bootloader ikhoza kusiya controller ili ndi interrupt yodikira, ndipo handler yanu idzaitanidwa mukangopempha IRQ. Ngati completion sinakonzedwe, kernel igwa, ndipo mwina igwa pa bolodi la munthu wina osati lanu.

Pa zolakwika zonse za mu probe gwiritsani ntchito `dev_err_probe`. Imadziwa kukhala chete ikaona `-EPROBE_DEFER`, yomwe imangotanthauza kuti clock kapena china chake sichinakonzeke, tibwerenso. Musaiwale kudzaza `adap.dev.parent` ndi `adap.dev.of_node`, yachiwiriyi ikasowa, zipangizo za mu device tree sizioneka ndipo palibe uthenga wokuchenjezani.

Chenjezo: musasakanize devm (ma function a `devm_`, amene zimene atenga kernel imazimasula yokha) ndi kumasula pamanja mosaganizira. Za devm zimamasulidwa remove, function yochotsa dalaivala, itatha. Mukazimitsa clock pamanja mu remove pamene IRQ ikadali ya devm, pamakhala kampata kamene handler ingawerenge register clock itazima, ndipo ma chip ena amauma pomwepo.

## 6. Werengerani liwiro mosamala

Werengani `clock-frequency` kudzera mu `i2c_parse_fw_timings`. Ikasowa, liwiro likhale 100 kHz. Malamulo amati pa 100 kHz SCL ikhale pansi kosachepera 4.7 µs ndi m'mwamba kosachepera 4.0 µs. Pa 400 kHz ndi 1.3 µs pansi ndi 0.6 µs m'mwamba.

Taonani msampha wake. Tinene kuti clock yolowa ndi 24 MHz ndipo mukufuna 400 kHz. Kuzungulira kumodzi ndi 2.5 µs, kapena kugunda 60. Mukagawa pakati, 30 ndi 30, nthawi ya pansi ikhala 1.25 µs, yoperewera pa 1.3 µs. Zipangizo zambiri zidzalolera, koma tsiku lina mudzakumana ndi chimodzi chokana. Perekani 32 pansi ndi 28 m'mwamba. Pogawa gwiritsani ntchito `DIV_ROUND_UP` kuti bus isathamange kuposa zimene mwapemphedwa, ndipo liwiro limene controller yanu singalikwanitse mulikane mu probe m'malo moliyerekeza mwakachetechete. Mukatha, yezani pa analyser. Nambala ya papepala ndi ya pa waya zimasiyana chifukwa waya amatenga nthawi kukwera.

## 7. Function yotumiza mauthenga

Mtima wa dalaivala ndi function imene imaikidwa mu `struct i2c_algorithm`. Kale inkatchedwa `master_xfer`. M'ma kernel atsopano dzina lake ndi `xfer`, ndipo dalaivala watsopano agwiritse ntchito limeneli. Imalandira mndandanda wa `struct i2c_msg`, uliwonse uli ndi adiresi, ma flag, kutalika ndi buffer.

Malamulo ake ndi ochepa koma salola chinyengo. Uthenga woyamba umayamba ndi START. Pakati pa mauthenga pamakhala START yobwereza, osati STOP. STOP imabwera kamodzi, pamapeto pa wotsiriza kapena pakachitika vuto. Powerenga, byte iliyonse mumaiyankha ndi ACK kupatula yomaliza, imene muyenera kuiyankha ndi NACK. Mukaipatsa ACK, chipangizo chimaganiza kuti mukufunabe zina, chimayamba kutulutsa byte yotsatira, ndipo ngati bit yake yoyamba ndi 0 chimagwira SDA pansi moti STOP yanu situluka. Vutoli limabisala chifukwa limadalira zimene zili mu register yotsatira: lero zayenda, mawa zakanika.

Adiresi imene mumalandira ndi ya ma bit 7. Pa waya imasunthidwa kamodzi kumanzere ndipo bit yomaliza imanena ngati mukuwerenga kapena kulemba, n'chifukwa chake 0x68 imaoneka ngati 0xD0 ndi 0xD1. Ma controller ena amasuntha okha, ena amafuna muwapatse yosuntha kale. Onani m'buku, ndipo ngati ndi inu osuntha, pali `i2c_8bit_addr_from_msg`.

Zonse zikayenda bwino, bwezani chiwerengero cha mauthenga, osati 0 komanso osati chiwerengero cha ma byte. Simukufunika mutex yanuyanu yoteteza function imeneyi, chifukwa I2C core, gawo la kernel loyang'anira madalaivala onse a I2C, imatseka kale bus isanakuitaneni.

Ngati mukufuna DMA, yosamutsa data popanda kudzera pa CPU, ndikulangizani muisiye kaye mpaka patch yachiwiri. Mukadzafika pamenepo, dziwani kuti buffer ya uthenga ikhoza kukhala pa stack, malo amene DMA siloledwa. Tengani yotetezeka ndi `i2c_get_dma_safe_msg_buf` ndipo muibweze ndi `i2c_put_dma_safe_msg_buf`.

## 8. Interrupt ndi nthawi yodikira

Apa ndi pamene ndimakhala nthawi yaitali ndikamaona code ya anthu ena, ndipo inunso chedwanipo.

Kayendedwe kake n'kotere: `xfer` imaitana `reinit_completion`, imatsegula ma interrupt, imayambitsa controller, kenako imagona pa `wait_for_completion_timeout`. Handler imadzaza kapena kukhuthula FIFO, ndipo ikamaliza kapena ikaona vuto imaitana `complete`. Dongosolo la zoyambazi lisasinthe. Mukayambitsa controller musanaitane `reinit_completion`, uthenga waufupi ukhoza kutha msanga, inu n'kufufuta chizindikiro choti watha, kenako n'kudikira chinthu chimene chadutsa kale.

`wait_for_completion_timeout` imabweza 0 nthawi ikatha, ndipo sibweza nambala yochepera 0. Kuiyesa ndi `< 0` ndi cholakwika chimene chimabwerabwera.

Tsopano ganizirani nthawi itatha. Mwabweza `-ETIMEDOUT`, amene anakuitanani wamasula buffer yake, ndipo patapita kanthawi chipangizo chaulesi chija chayankha. Interrupt yabwera, handler yalemba ma byte mu memory imene tsopano ndi ya wina. Kernel sigwa pomwepo. Imadzagwa patsogolo, pamalo osakhudzana n'komwe ndi I2C, ndipo wofufuza adzavutika kwambiri. Choncho nthawi ikatha, musanabwerere: tsekani ma interrupt a controller, itanani `synchronize_irq` kuti handler imene ikuyenda pa CPU ina imalize, bwezeretsani controller pachiyambi, khuthulani FIFO, ndipo pointer ya uthenga muiike NULL.

Mu handler, werengani register ya status, ndipo ngati palibe chanu bwezani `IRQ_NONE`. Fufutani ma bit okhawo amene mwawaona. Mukafufuta onse mwachimbulimbuli mutaya interrupt imene yafika pakati pa kuwerenga ndi kulemba. Mu handler mulibe kugona, mulibe mutex, mulibenso kudikira kopanda malire. Kulikonse kumene mukudikira bit kuti isinthe, gwiritsani ntchito `readl_poll_timeout` kapena mnzake wa atomic.

Ngati pa bus yanu pali PMIC, chip yoyang'anira magetsi, imene imazimitsa bolodi, mufunikanso `xfer_atomic`, yogwira ntchito popanda interrupt, chifukwa pa mphindi yomaliza yozimitsa makina ma interrupt amakhala atatsekedwa kale.

## 9. Nenani zoona za zimene controller imatha

Manambala a zolakwika ali ndi matanthauzo okhazikika mu `Documentation/i2c/fault-codes.rst`. Adiresi ikapanda kuyankhidwa ndi `-ENXIO`. Mukalandidwa bus ndi controller ina ndi `-EAGAIN`, ndipo core imayesanso yokha ngati mwadzaza `adap.retries`. Nthawi ikatha ndi `-ETIMEDOUT`. Bus ikakhala yotanganidwa kwa nthawi yaitali ndi `-EBUSY`.

NACK isalembedwe mu log ngati vuto. EEPROM ikamalemba mkati mwake imakhala mamilisekondi angapo osayankha adiresi yake, ndipo dalaivala wake amaigogoda mobwerezabwereza mpaka iyankhe. `i2cdetect` nayo imagogoda ma adiresi opitirira 100. Mukaika `dev_err` pamenepo, log idzadzaza ndi phokoso.

Zimene munalemba papepala pa gawo 2 zibwere tsopano mu `struct i2c_adapter_quirks`: `max_read_len`, `max_write_len`, `I2C_AQ_NO_ZERO_LEN` ngati singatumize adiresi yokha. Core idzakana yokha mauthenga otere asanakufikeni. Mu `functionality` musalonjeze zimene simunayese. Ngati uthenga wopanda data sutheka, chotsani `I2C_FUNC_SMBUS_QUICK` pa `I2C_FUNC_SMBUS_EMUL`. Ngati simunayese adiresi ya ma bit 10, musaitchule.

## 10. Kumasula bus ikakakamira

Ine gawo ili ndinaliphunzira mowawa. Ndinali ndi bolodi lowerenga wotchi sekondi iliyonse, ndipo linayenda bwinobwino masiku angapo. Tsiku lina madzulo magetsi anaphethira, bolodi n'kuyambiranso, koma uthenga uliwonse unkangobweza `-ETIMEDOUT`. Ndinazimitsa n'kuyatsa kangapo, osasintha. Nditaika multimeter, SCL inali pa 3.3 V koma SDA pafupifupi pa 0. Magetsi anathima wotchi ili pakati potumiza byte, ndipo popeza ili ndi kabatire kake, sinaiwale. Inali ikudikirabe ma clock otsala kuti imalize byte yake, itagwira SDA pansi. Nditachotsa kabatire kaja n'kukabwezera, zonse zinayamba kuyenda. Kwathu kuno kumene magetsi amathima mosachenjeza, dalaivala wopanda njira yomasulira bus ndi wosatha.

Mankhwala ake ali m'malamulo a I2C: gundani SCL mpaka ka 9 kuti chipangizo chimalize byte yake n'kusiya SDA, kenako tumizani STOP. Kernel ili nazo kale. Dzazani `struct i2c_bus_recovery_info`, mugwiritse ntchito `i2c_generic_scl_recovery`, ndipo mupereke njira yowerengera ndi kuyendetsa mawaya, kaya kudzera m'ma register a controller kapena posandutsa mapini kukhala GPIO ndi `scl-gpios` ndi `sda-gpios`. Itanani `i2c_recover_bus` mukapeza SDA ili pansi musanayambe uthenga.

Chenjezo: musaitane recovery pa NACK iliyonse, ndipo musalembe yanu yogunda ka 9 osayang'ana SDA. Ngati chipangizo chinadukizidwa chikulandira data, ma clock amenewo chingawatenge ngati byte ya 0xFF n'kuilemba mu register kapena mu EEPROM. Ndipo ngati amene wakakamira pansi ndi SCL, kugunda sikuthandiza. Pamafunika reset ya chipangizocho.

## 11. Yesani kuti muthyole

Mangani kernel yoyesera yokhala ndi `CONFIG_PROVE_LOCKING`, `CONFIG_DEBUG_ATOMIC_SLEEP`, `CONFIG_KASAN` ndi `CONFIG_DEBUG_SHIRQ`. Idzayenda pang'onopang'ono, koma imagwira zimene maso sangaone.

Yambani ndi lamulo lija la pa gawo 3 ndipo muyerekeze chithunzi chatsopano ndi chakale, bit ndi bit. Kenako pitani ku EEPROM, kumene mungawerenge zazitali:

`i2ctransfer -y 1 w2@0x57 0x00 0x00 r64`

Sinthani kutalika mozungulira kukula kwa FIFO. Ngati FIFO ndi ya ma byte 16, yesani 1, 2, 15, 16, 17, 32 ndi 33. Zolakwika zambiri zimakhala m'malire amenewa, makamaka powerenga byte imodzi yokha, pamene yoyamba ndiyonso yomaliza ndipo NACK iyenera kukonzedwa kuwerenga kusanayambe. Polemba kumbukirani kuti tsamba la AT24C32 ndi ma byte 32. Mukapyola, imabwerera kumayambiriro a tsamba lomwelo, ndipo limenelo si vuto la dalaivala wanu.

Zikatero yambani nkhanza. Lankhulani ndi adiresi yopanda chipangizo. Zulani waya wa SDA uthenga uli pakati. Gwirizitsani SCL ku GND kwa masekondi angapo, muone ngati dalaivala abwerera ndi `-ETIMEDOUT` kapena `-EBUSY` ndiponso ngati uthenga wotsatira uyenda mutachotsa. Chitani unbind ndi bind mu `/sys/bus/platform/drivers/` maulendo ambiri pamene pulogalamu ina ikuwerenga. Goneketsani bolodi ndi kulidzutsa. Pali ngakhale chida chopangira mavuto dala, `CONFIG_I2C_GPIO_FAULT_INJECTOR`: mukalumikiza mapini awiri a GPIO ku bus yomweyo, `incomplete_address_phase` imasiya SDA itakakamira monga zinandichitikira ine, ndipo mutha kuyesa recovery popanda kudikira magetsi.

## 12. Dziunikeni nokha, kenako tumizani

Yendetsani `scripts/checkpatch.pl --strict` pa patch iliyonse, mumange ndi `make W=1 C=1`, ndipo mu Kconfig muike `COMPILE_TEST` kuti ena athe kumanga dalaivala wanu pa makina a mtundu wina. Mangani ngati module komanso mkati mwa kernel, pa 32-bit ndi pa 64-bit. Mu Kconfig ndi Makefile ikani dzina lanu motsata alifabeti. Chotsani code yosagwiritsidwa ntchito, ma define a ma register amene simunawakhudze, ndi mauthenga onena kuti probe yatheka.

Gawani ntchito: patch yoyamba binding, mutu wake woyamba ndi `dt-bindings: i2c:`, yachiwiri dalaivala, mutu woyamba ndi `i2c:` ndi dzina lake, pamodzi ndi mzere wanu mu MAINTAINERS. Kusintha kwa DTS, fayilo ya device tree ya bolodi, kumadzera kwa oyang'anira chip imeneyo. Patch iliyonse ikhale ndi `Signed-off-by`. M'kalata yoyamba nenani bolodi limene mwayesera, zipangizo, liwiro, ndi zimene dalaivala sakuchita pakadali pano. `scripts/get_maintainer.pl` idzakuuzani oyenera kulandira. Atumizireni onse, ndi `git send-email` kapena `b4`, osati ngati attachment.

Mayankho akabwera, yankhani ndemanga iliyonse pansi pake penipeni, ngakhale imene simukugwirizana nayo. Mukakana, perekani tsamba la m'buku kapena zimene analyser yaonetsa. Potumiza v2, kutanthauza patch yokonzedwa kachiwiri, lembani zimene zasintha pansi pa mzere wa `---`, ndipo musataye `Reviewed-by` kapena `Acked-by` imene mwapatsidwa, pokhapokha patch itasintha kwambiri, ndipo zikatero munene. Kufika v4 kapena v5 n'kwachizolowezi kwa dalaivala watsopano. Pa masabata awiri a merge window, nthawi yolowetsa zatsopano mu kernel yotsatira, oyang'anira amakhala otanganidwa, choncho kukhala chete kwawo si kukukanani.

## 13. Mukamaunika patch ya wina

Musayambire pamwamba. Pitani kaye ku probe ndi remove, muone ngati chilichonse chotengedwa chikubwezedwa m'dongosolo lobwerera m'mbuyo. Kenako tsatirani `return` iliyonse ya vuto mu `xfer` n'kudzifunsa kuti controller yasiyidwa bwanji, STOP yatuluka kapena ayi, ndipo handler ingakhudzebe buffer kapena ayi. Yerekezani `functionality` ndi zimene code ikuchitadi. Za mipata ndi kalembedwe zibwere pomaliza.

Polemba ndemanga, tchulani vuto, nenani chimene chingachitike, ndipo ngati mukudziwa dalaivala wina amene anachita bwino, mulozereni. Siyanitsani chimene chiyenera kukonzedwa ndi chimene ndi maganizo anu chabe. Munthu amene akutumiza koyamba amawerenga liwu lililonse mwamantha, ndipo ndemanga yomveka bwino imamusunga pa ntchitoyi. `Reviewed-by` muipereke pokhapokha mwawerenga zonse, ndipo `Tested-by` pokhapokha mwayendetsa pa bolodi lenileni.

## Zolakwika zimene zimabwerabwera

Kukopera dalaivala wa mu kernel yakale ya kampani n'kumutumiza momwemo. Amadziwika msanga: ma function amene anachotsedwa kale, remove yobweza int pamene kuyambira kernel 6.11 ya platform driver imabweza void, ndi ma `#ifdef` paliponse. Mutengeni ngati buku lowerenga, koma mulembe watsopano pa mainline.

Kusintha START yobwereza ndi STOP kenako START chifukwa controller ikuvuta. Pa wotchi ndi EEPROM zimaoneka ngati zikuyenda, koma zipangizo zina zimaiwala register imene munasankha zikaona STOP, ndipo pa bus ya ma controller awiri mnzanu angalowerere pakati. Ngati chip singathedi, nenani kudzera mu quirks.

Kuika `udelay` kapena `msleep` pamalo amene zinthu zikukanika, n'kuona kuti zayamba kuyenda. Nthawi zambiri pamakhala bit ya status imene simukuidikira. Ngati kudikirako n'kofunikadi, lembani ndemanga yotchula gawo la m'buku limene likulamula zimenezo.

Kuwerenga ma register clock itazimitsidwa ndi runtime PM, makamaka mu handler ya IRQ yogawana ndi zipangizo zina kapena mu remove. Tengani mphamvu ndi `pm_runtime_resume_and_get` ndipo muyang'ane zimene yabweza.

Kuiwala kuti zipangizo zina zimalankhula mochedwa pogona ndi molawirira podzuka. Ikani suspend ya controller pa gawo la noirq ngati pa bus pali PMIC, ndipo gwiritsani ntchito `i2c_mark_adapter_suspended` ndi `i2c_mark_adapter_resumed` kuti uthenga wobwera pa nthawi yolakwika ukanidwe moonekera.

Kuthamangitsa `i2cdetect` kapena `i2cset` pa bus ya bolodi limene simukulidziwa bwino. Pa bus ina pamakhala PMIC kapena EEPROM yosunga zofunika poyatsa makina, ndipo kulembamo molakwika kungaphe bolodi. Yeserani pa bus imene pali zipangizo zanu zokha.

Kutumiza v2 tsiku lomwelo limene ndemanga yoyamba yafika. Dikirani masiku angapo kuti owunika ena, makamaka a device tree, anenepo zawo, kenako mukonze zonse pamodzi ndi kuyesanso pa bolodi musanatumize.